AVATAR: ZITHUNZI ZA KU PANDORA, NKHANI YA KUM'MAWA

Pa makanema onse amene anapangidwapo pa dziko lapansi, palibe amene anasonkhanitsa ndalama zoculuka kuposa kanema wochedwa Avatar. Anatuluka m'mwezi wa Disembala caka ca 2009, ndipo ndalama zimene anthu analipira pa zitseko kuti akamuone zipitirira madola 2.9 biliyoni a ku America. Anamupanga ndi James Cameron, mbadwa ya ku Canada, yemwe uja anapanganso Terminator ndi Titanic, makanema amene ngakhale anyamata oweta ng'ombe ku Chadiza awadziwa. Gawo laciwiri la Avatar linatsatira mu 2022, ndipo lacitatu linatuluka mu Disembala 2025.

Kuyambira tsiku loyamba, oonerera sanamvane za kanemayu. Pa zithunzi zace palibe mkangano, pakuti onse abvomera kuti maso a munthu anali asanaonepo zotere. Mkangano uli pa nkhani yace. Akatswiri ambiri olemba za makanema ku Ulaya ndi ku America anati nkhaniyo ndi yakale, mathero ace adziwikiratu, ndipo iribe nzeru yatsopano. Kwa iwo Avatar ndi cikomekome ca mkuyu. Koma munthu wa ku Chadiza asafulumire kulandira ciweruzo cimeneci, cifukwa nkhani imene iwo aiyesa yotopetsa ndi nkhani ya nthaka, ndipo ku Cigawo ca Kum'mawa inacitikadi, pa anthu enieni, ndi mfuti zenizeni.

NKHANI YACE MWACIDULE

Zocitika za m'kanemayu aziika m'caka ca 2154. Anthu a dziko lapansi amaliza cuma ca m'nthaka yao, tsono kampani ina yaikulu yauluka kunka ku mwezi wina wakutali wochedwa Pandora kukakumba mwala wa mtengo wapatali. Ku Pandora kuli eni nthaka ochedwa Na'vi, anthu a khungu la buluu, a micira, otalika pafupifupi mamita 3, amene zida zao ndi uta ndi mibvi. Mudzi wao uli m'kati mwa mtengo umodzi waukulu koposa, ndipo mwala umene kampani iufuna uli pansi pa mtengo womwewo.

Popeza mpweya wa kumeneko upha munthu, akatswiri a sayansi a kampaniyo apanga matupi ofanana ndi a Na'vi, amene munthu akhoza kuwayendetsa ndi maganizo ace iye ali gone m'bokosi. Thupi lotere ndilo lichedwa avatar, liu locokera ku India, kumene litanthauza mulungu wotsika pansi atabvala thupi lina. Msilikali wina wopuwala miyendo, Jake Sully, alowa m'thupi lotere natumidwa kukakhala pakati pa a Na'vi monga mzondi, kuti aphunzire makhalidwe ao ndi kuwanyengerera kuti asamuke. Komweko akondana ndi Neytiri, mwana wamkazi wa mfumu. Kampani itatopa ndi kudikira igwetsa mtengo uja ndi mabomba, anthu ambiri nafa. Jake aukira amene anamtuma, asonkhanitsa mafuko onse a Na'vi, ndipo pa nkhondo yomaliza nyama za m'chire zilowapo kuthandiza eni nthaka. Alendo agonja nabwezedwa kwao.

SI UFITI AI

Kanema wotere akaonetsedwa m'mudzi, funso loyamba la ana, ndi la akulu ena omwe, likhala lakuti: kodi anthu a buluu aja aliko? Yankho ndi lakuti kulibe, ndipo Pandora naye kulibe. Mulibenso ufiti kapena mankhwala m'mapangidwe ace. Ocita sewerolo ndi anthu onga wina aliyense, monga Sam Worthington amene anakhala Jake, ndi Zoe Saldana amene anakhala Neytiri. Anawabveka zobvala zothina zokhala ndi timadontho, nawaimika m'cinyumba copanda mtengo kapena phiri ku Los Angeles. Makamera ambiri ozungulira cinyumbaco anali kutsata timadonthoto, ndipo kakamera kena komangidwa kumutu kanali kujambula nkhope, kuti kumwetulira ndi kulira zisatayike. Pambuyo pace amisiri a makompyuta, ambiri a iwo a ku Wellington m'dziko la New Zealand, anabveka mayendedwe aja khungu la buluu, namanga nkhalango, mapiri olenjekeka m'mwamba ndi zinyama zonse.

Cinanso cinali cakuti m'nyumba zazikulu za kanema anthu anali kupatsidwa magalasi apadera. Munthu akaimika cala patsogolo pa mphuno, natsinzina diso limodzi kenaka linzace, aona ngati calaco casuntha, cifukwa diso lirilonse liona mbali yaceyace. Amisiri anatsata nzeru yomweyi. Anakonza zithunzi ziwiri, cina ca diso lamanja, cina ca diso lamanzere, ndipo magalasi aja apatsa diso lirilonse cithunzi cace. Zotsatira zace n'zakuti woonerera aona ngati maluwa ndi mibvi zirikutuluka m'cinsalu kudza pamene wakhala. Nchito yonseyi inadya madola 237 miliyoni, monga mwa kunena kwa eni ace.

MMENE ANTHU ANAMULANDIRIRA

Oonerera anagawika patatu. Gulu loyamba linagwidwa ndi kukongola. Mu Januwale 2010 a CNN analengeza za anthu ena amene anali kutuluka m'kanema ali ndi cisoni cacikulu, poona kuti dziko limene akhalamo silifika pa kukongola kwa Pandora. Ku China, akulu a dera la Zhangjiajie anasintha dzina la phiri lina la kwao n'kulicha dzina la m'kanemayu kuti akope alendo. Oweruza mphotho za Oscar mu 2010 anaonetsa maganizo ao poyera: Avatar analandira mphotho 3, zonse za zithunzi ndi maonekedwe, koma ya kanema woposa onse inanka kwa wina wochedwa The Hurt Locker, ndipo pa mphotho ya nkhani yolembedwa bwino Avatar sanachulidwe nkomwe.

Gulu laciwiri ndi la odandaula. Ena anati Cameron anangotenga nkhani ya Dances with Wolves wa 1990 ndi ya Pocahontas wa 1995, makanema onena za mzungu wolowa pakati pa eni nthaka a ku America, n'kuipaka utoto wa buluu. Nyuzipepala ya ku Vatican ndi wailesi ya kumeneko zinadandaula kuti kanemayu asandutsa cilengedwe kukhala mulungu wopembedzedwa, cifukwa a Na'vi apemphera pa mtengo umene pakhala mizimu ya makolo ao. Enanso anafunsa cifukwa cace eni nthaka alephera kudzipulumutsa okha kufikira mlendo atabwera kudzawatsogolera. Funso lomalizali ndi la nzeru, ndipo lifunika kubwereranso.

Gulu lacitatu silinalembe zambiri m'manyuzipepala, koma ndilo linamva kanemayu ndi mtima. Mu Febuluwale 2010 anthu a m'mudzi wa Bil'in ku Palestine anadzipaka buluu pocita cionetsero cokana mpanda umene unawadulira minda. Ku China ambiri anakumbukira mabanja ocotsedwa m'nyumba zao mokakamiza kuti pamangidwe zinyumba za malonda. Ku Brazil, eni nthaka a ku mtsinje wa Xingu, amene anali kukana damu lalikulu la Belo Monte, analandira Cameron mwini wace pa msonkhano wao m'caka comweco. Onsewa ataona mtengo uja ukugwa anati nkhaniyi ndi yao.

MASO A M'MUDZI

Anthu a m'Zambia sanayambe lero kuweruza makanema. Mu 1953 ndi 1954 mai wina wa ku America wofufuza za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya namaonerera kanema pamodzi ndi anchito a pa mgodi ndi mabanja ao. M'buku lace lochedwa Copper Town anafotokoza kuti anthu anali kukonda koposa makanema a akauboyi, ndipo ngwazi ya m'menemo anali kuicha Jack, kaya dzina lace lenileni ndani. Mau a Cingerezi sanali kumveka kwa ambiri, komabe bwalo lonse linali kufuula, kulimbikitsa ngwazi pa ndeu, ndi kukambirana za khalidwe la azungu. Atsamunda anali kuganiza kuti munthu wakuda angomeza ciriconse cimene waona pa cinsalu, koma zoona zace anthu anali kusankha, kuseka ndi kutsutsa.

Masiku ano kanema afika ku Chadiza m'njira zina. Magalimoto a Boma oonetsa kanema pa bwalo la sukulu usiku akumbukika ndi akuluakulu, koma acinyamata aonera m'tinyumba ta vidiyo pa misika, kapena pa foni yochajidwa ndi sola, anthu asanu atagundanitsa mitu. Makanema ambiri afika atamasuliridwa kale m'Cicewa ndi anyamata a ku Malawi, amene aikamo mau ao ndi nthabwala zao. Pa kagalasi ka foni mapiri olenjekeka aja acepa ngati timiyala, magalasi apadera palibe, ndipo madola mamiliyoni aja saoneka kumene analowa. Cimene citsala ndi nkhani yokha. Motero woonerera wa m'mudzi, amene anamanidwa zokometsera, ndiye ali pa malo abwino oweruzira ngati m'kati mwa mkuyu muli nyerere kapena ai.

Ndipo Mcewa aidziwa nchito imeneyi kuyambira ubwana. Pa bwalo la Gule Wamkulu, kaya pa maliro m'mudzi, kaya pa Kulamba ku Mkaika, maso akondwera ndi nthenga, utoto ndi fumbi la mapazi, koma nchembere iriyonse idziwa kuti cilombo ciriconse cidza ndi mwambo wace. Cina cidzudzula ulesi, cina ciwerewere, cina ciseka mlendo wodzikuza. Wongoona mabvinidwe osamva nyimbo abwerera kwao wopanda kanthu. Za mtengo wa mizimu nazonso si zacilendo kwa mbumba imene makolo ace anali kuthira nsembe patsinde pa msolo, ndipo kufikira lero, ngakhale m'mudzi wa Akristu okhaokha, palibe alowa ndi nkhwangwa ku manda kukadula nkhuni. Munthu wotere safunika kuuzidwa cifukwa cace a Na'vi analira motero.

ZIMENE ZINACITIKA MU 1898

M'zaka za m'ma 1880 kunafika kwa mfumu yaikulu ya Angoni, Mpezeni woyamba, Mjeremani wina wogula minyanga ya njobvu, dzina lace Carl Wiese. Anakhala nthawi yaitali pakati pa Angoni, nazolowerana nao, mfumu nimkhulupirira. M'cibwenzi cimeneci Wiese anatulukamo ndi mapepala onena kuti wapatsidwa mphamvu pa nthaka ndi miyala ya m'dzikomo, mapepala amene mfumuyo siikanatha kuwawerenga. Ku London kunamveka mbiri yakuti dziko la Mpezeni ladzala ndi golide, ndipo mu 1895 kunapangidwa kampani ya North Charterland Exploration Company. Kampaniyi inatenga dera la masikweya mailo 10,000 m'cigawo cino, kuphatikizapo maiko a mafumu ambiri a Acewa ndi Ansenga amene sanafunsidwe nkomwe.

Anyamata a Cingoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anaona kumene zinthu zinali kupita. Kumapeto kwa 1897 azungu a kampani, Wiese ali pakati pao, anatumiza mau ku Nyasaland akuti moyo wao uli pa ngozi. Mu Januwale 1898 asilikali anafika ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale, ndipo Mpezeni anatengedwa ukaidi ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji. Mwambo wa Nc'wala unazima kufikira 1980. Golide woculuka amene anthuwo anafera sanapezeke.

Mbiri siyera mbali imodzi monga kanema. Acewa ambiri anali atazunzika ndi nkhondo za Angoni, ndipo ena mwa iwo sanalire poona Angoni akugonja. Koma caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mu 1928 Boma la atsamunda linadula madera ochedwa Native Reserves, ndipo m'zaka zotsatira Angoni, Acewa ndi Ansenga omwe anasamutsidwira kumeneko, kusiya minda ndi manda a makolo, kuti apereke malo kwa alimi acizungu. Alimiwo sanabwere ambiri monga kunayembekezeka. Malo osiyidwa anamera chire, pamene m'madera opatulidwa aja anthu anathinana, nthaka inaguga, ndipo njala siinali kusowa. Zinthu zitafika poipa, Boma linagula nthaka ya kampaniyo mu 1941 niliyamba kubwezeramo anthu. Kulanda kwaciwiriku kunalibe mfuti ya Maxim. Kunacitika ndi mapu, inki ndi cidindo.

Wodziwa mbiri imeneyi akaona Avatar safuna womasulira. Mwala wa pansi pa mtengo ndi golide uja wa kwa Mpezeni, kampani yodza ndi asilikali iripo, ndipo mlendo wokhala pakati pa eni nthaka kufikira atamkhulupirira naye alipo.

PAMENE KANEMA ASIYANA NDI MOYO

Komabe pali malo awiri pamene kanemayu akhoza kusokeretsa munthu. Poyamba ndi pa Jake. M'kanema, mlendo amene anatumidwa kudzazonda asintha mtima nasanduka mpulumutsi. M'mbiri ya kuno, mlendo wokhulupiridwa ndiye anatuluka ndi mapepala. Si kuti alendo onse ndi oipa, pakuti akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zipatala ndi sukulu zambiri za Kum'mawa zinayambidwa ndi alendo. Koma mudzi umene ukhala pansi kudikira Jake wace, kaya ndi mzungu wa bungwe, kaya ndi wandale wodza ndi galimoto nthawi ya masankho, udzadikira kufikira mtengo utagwa. Cameron mwini, ndi kuchuka kwace konse, sanaimitse damu la Belo Monte. Linamangidwa ndithu, ndipo linayamba kupanga magetsi mu 2016.

Paciwiri ndi pa mathero, pamene mibvi igonjetsa ndege ndipo nyama zithamangitsa asilikali. Izi zikoma kuona, ndipo m'nyumba ya vidiyo apa ndipo anthu aimirira ndi kuomba m'manja. Koma Nsingo sanali wamantha kuposa Jake, ndipo palibe njobvu kapena njati imene inatuluka m'chire kudzamthandiza. Mnyamata wotuluka m'kanema ali ndi maganizo akuti mlandu wa malo uthetsedwa ndi nkhwangwa ndi moto adzathera ku ndende, malowo napita ndithu.

AMENE ANAPAMBANA ANAPAMBANA BWANJI?

Ku India kuli mtundu waung'ono wa anthu pafupifupi 8,000 wochedwa Dongria Kondh, okhala m'mapiri a Niyamgiri amene kwa iwo ndi opatulika. Kampani ya Vedanta inafuna kukumba m'mapirimo mwala wopangira aluminiyamu, citsulo ca mapoto ndi ndege. Mu Febuluwale 2010 bungwe lowathandiza la Survival International linalembera Cameron poyera m'magazini ya ku America, kumuuza kuti nkhani ya Avatar irikucitika ku Niyamgiri. Kanema anathandiza kuti dziko limve kulira kwao. Koma cimene cinamaliza mlandu ndi cina. Mu Epulo 2013 bwalo lalikulu la milandu la India linalamula kuti misonkhano ya midzi ndiyo inene. Midzi 12 inasonkhana umodziumodzi, amuna ndi akazi, ndipo yonse 12 inakana. Mgodi sunatsegulidwe.

Kampani yomweyi idziwika m'Zambia, pakuti mu 2004 inagula gawo lalikulu la Konkola Copper Mines. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anaisumira ku London, ponena kuti mitsinje yao ndi minda yao zaonongeka ndi zotayidwa za ku mgodi. Kampani inati mlanduwo suyenera kuzengedwa ku England, koma mu Epulo 2019 bwalo lalikulu la kumeneko linagamula kuti ukhoza kuzengedwa. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizi zinamvana kunja kwa bwalo, kampani osabvomera kulakwa. Alimi a makasu anakhazika kampani ya mabiliyoni pa mphasa ya milandu popanda kuponya mwala ndi umodzi womwe.

Tsidya la malire, kupyola pa cipata ca Chanida kulowa m'Mozambique, kuli citsanzo ca mbali inayo. M'caka comwe Avatar anatuluka, kampani ya ku Brazil yochedwa Vale inayamba kusamutsa mabanja oposa 1,300 a ku Moatize m'cigawo ca Tete kuti ikumbe malasha. Ambiri anaikidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Atafika kumeneko anadandaula za nyumba zong'ambika, nthaka yosabala ndi kutalika kwa msika, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanji yonyamula malasha. Kudandaula kwao kunamveka, koma kunadza atasamuka kale. Nthawi yofunsa mafunso ndi pamene mtengo ukali ciriri.

NANGA KU CHADIZA?

Nkhanizi siziri kutali. Ku Vubwi, kumene kunali mbali ya boma la Chadiza kufikira 2012, anthu akumba ndi kusefa golide, ndipo ogula acokera kutali. Ofuna malo a migodi kapena a mafamu akhoza kufika tsiku lirilonse m'maiko a mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, monga afika kwina konse. Mgodi pa iwo wokha si mdani. Dziko la Zambia lakhala likudalira mkuwa kuyambira kale, ndipo foni imene mnyamata aonerapo Avatar iri ndi mkuwa m'kati mwace. Munthu wofuna nchito, mseu wabwino ndi cipatala sacimwa. Funso ndi lakuti ndani afunsidwa, ndani asaina, ndipo ndani atsala ndi ciani alendo akapita.

Lamulo la malo la 1995 lilola kuti malo a mwambo asandutsidwe a pa lizi, okhala ndi cikalata ca Boma ca zaka zofika 99, koma linena kuti mfumu ndi khonsolo abvomereze, ndiponso kuti anthu amene malowo awakhudza afunsidwe. Malo akalowa pa lizi, kuti abwererenso m'manja mwa mfumu n'kobvuta. Miyala ya pansi pa nthaka iri m'manja mwa Boma, ndipo wokumba aliyense ayenera kukhala ndi laisensi. Nchito zazikulu ziyeneranso kuyamba zapimidwa ndi bungwe loyang'anira za cilengedwe la ZEMA, limene lipatsa anthu mpata wopereka maganizo ao. Malamulowa ndiwo mibvi ya masiku ano, koma alasa pokhapo anthu atawadziwa.

Cotero mlendo akafika ndi mapu, mudzi uyenera kupempha kuona laisensi yace ndi kalata ya ku khonsolo. Nkhani ikambidwe pa bwalo masana, nyakwawa, nduna, amai ndi acinyamata ali pomwepo, pakuti m'midzi yambiri ya Acewa munda uyenda ndi mbumba, ndipo mai ndiye adziwa malire ace. Pepala lirilonse liwerengedwe mokweza ndi kumasuliridwa m'Cinyanja ndi munthu wa m'mudzi momwemo, mphunzitsi kapena mwana wa ku sekondale, osati ndi womasulira wobwera ndi mlendo. Malonjezo a citsime, sukulu kapena cigayo alembedwe pamodzi ndi tsiku lace, ndipo pepala lina lofanana nalo litsale m'mudzi. Manda, dambwe, madambo odyetsa ng'ombe ndi potunga madzi zichulidwe maina malo asanapimidwe. Cala cisadinde pa pepala tsiku lomwelo limene pepalalo lafika.

Aphunzitsi ndi akulu a mipingo amene aletsa ana kuona kanemayu, poopa mizimu ya m'mitengo kapena nkhondo, angacite bwino kuyamba amuona okha. Kenaka akhale pansi ndi anawo ndi kuwafunsa kuti mtengo uja unagwa cifukwa ciani, ndipo a Na'vi akanacita ciani usanagwe. Ndipo popeza foni yoonera kanema ikhozanso kujambula mau, anyamata ndi atsikana apite kwa agogo amene anamva kwa makolo ao za kusamuka kwa nthawi ya Native Reserves ndi za kubwerera kwa m'ma 1940, akawajambule akali moyo. Akatswiri a ku America anatopa ndi nkhani ya Avatar cifukwa kwa iwo ndi nthano imene anaimva kawiri katatu. Kum'mawa kuno kukali nkhalamba zokhoza kuloza ndi ndodo pamene panali mudzi wakale, ndi kuchula maina a amene anagona m'manda a pamenepo.